Ulendo wa Pentekoste: Masiku Atatu Apansi Kuchokera ku Paris Kukafika ku Chartres

Ulendo wapansi wochokera ku Paris kupita ku Chartres, m'dziko la France, umachitika chaka ndi chaka pa chikondwerero cha Pentekoste. Amwendamnjira amanyamuka mbandakucha wa Loweruka, amagona m'matenti usiku uwiri, n'kukafika Lolemba masana ku tchalitchi chachikulu cha Amayi Maria mumzinda wa Chartres, kumwera chakumadzulo kwa Paris. Njira imene amadzera ndi ya makilomita pafupifupi 100, yodutsa m'misewu ya mumzinda, m'nkhalango ndi m'minda ya tirigu. Amene amakonza ulendowu ndi bungwe la akhristu eni ake lotchedwa Notre-Dame de Chrétienté. M'chaka cha 2023 oyenda adakwana pafupifupi 16,000, mu 2024 adafika pa 18,000, ndipo mu 2025 adali pafupifupi 19,000. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata, ndipo pamakhalanso magulu ochokera m'maiko ena a ku Ulaya, ku America, ku Africa ndi kwina.

Maulendo a kumalo oyera ndi ambiri mu Mpingo wa Katolika, koma uwu uli ndi chakechake. Misa za pa ulendowu zimachitika m'Chilatini motsata buku la Misa la 1962, lomaliza kutuluka mwambo wa chipembedzo usanasinthidwe potsatira Msonkhano Wachiwiri wa Vatican. Mapemphero, mawerengo, mtundu wa zovala za ansembe ndi kukula kwa tsiku lililonse zimachokera m'kalendala ya m'buku limenelo. Kalendalayo ndiyo imanena tsiku lonyamuka, ndiyonso imapatsa tsiku lililonse la ulendowu nkhani yake.

Malo a Pentekoste m'chaka cha Mpingo

Tsiku lonyamuka limasinthasintha chifukwa Pentekoste imayendera Pasaka. Pasaka imagwa Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuoneka pa 21 Malichi kapena pambuyo pake, choncho imakhala pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Pentekoste ndi tsiku la 50 powerenga kuyambira pa Pasaka, ndiye imagwa pakati pa 10 Meyi ndi 13 Juni. Ku France nthawi imeneyi chisanu chimakhala chitapita, dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa kale, ndipo tirigu amakhala akadali wobiriwira. Lolemba lotsatira Pentekoste ndi tchuthi m'dzikomo, motero apantchito ndi ana asukulu amakhala ndi masiku atatu otsatizana.

M'buku la 1962 chaka cha Mpingo chimayamba ndi Adventi, masiku anayi a Lamulungu okonzekera Khrisimasi, ansembe atavala zapepo. Pa 6 Januwale pamabwera Epifania, tsiku lokumbukira anzeru a kum'mawa aja. Kukatsala masabata awiri ndi theka kuti Lenti iyambe, imalowa nyengo yotchedwa Septuagesima: Aleluya amaleka kuimbidwa, zovala zapepo zimabwereranso, ngakhale kusala kudya kumakhala kusanayambe. Lachitatu la Phulusa limatsegula Lenti, ndipo m'masabata ake awiri omaliza mitanda ndi ziboliboli za oyera m'tchalitchi zimaphimbidwa ndi nsalu. Ikadutsa Pasaka ndi zovala zake zoyera, masiku atatu otsogolera chikondwerero cha Kukwera Kumwamba amakhala a mdipiti wopempherera mbewu za m'minda. Lachinayi, tsiku la 40, akangomaliza kuimba Mthenga Wabwino wonena za kukwera kumwamba kwa Ambuye, kandulo ya Pasaka imazimitsidwa. Masiku otsalawo ndi odikira Mzimu Woyera.

Pentekoste m'kalendala imeneyi ili ndi tsiku lake lokonzekera, lomwe ndi Loweruka, komanso sabata lathunthu lopitiriza chikondwerero. Kuyambira 1955 zikondwerero zokhala ndi sabata lotere zidatsala zitatu zokha: Khrisimasi, Pasaka ndi Pentekoste. Kalendala yatsopano imene Papa Paul VI adavomereza mu 1969 idachotsa Septuagesima ndi sabata la Pentekoste, kotero m'maparishi ambiri lero Lolemba lotsatira Pentekoste ndi pobwerera ku nyengo ya pachaka. M'buku lakale Lolembalo ndi tsiku lalikulu, la zovala zofiira ndi Misa yakeyake. Amwendamnjira akamalowa mu Chartres, chikondwerero chimakhala chitangoyamba kumene.

Chiyambi cha ulendowu

Anthu adayamba kalekale kupita ku Chartres. Mu 876 mfumu Charles le Chauve, mdzukulu wa Charlemagne, idapereka ku tchalitchi cha kumeneko nsalu ya silika imene akhristu amakhulupirira kuti idavalidwa ndi Maria Virgo Woyera. Nsaluyo idakopa mafumu ndi anthu wamba omwe. Mu Juni 1194 moto udanyeketsa tchalitchicho pamodzi ndi mbali yaikulu ya mzinda, koma nsalu ija idapezeka yosapsa m'chipinda chapansi, m'mene ansembe ena adathawira nayo. Anthu adalimba mtima ndi zimenezi n'kuyamba kumanga tchalitchi chimene chilipo mpaka lero. Ntchito yaikulu idatha m'zaka zosapitirira 30, ndipo tchalitchicho chidadalitsidwa mu 1260.

Chipolowe cha ndale chimene chidayamba mu 1789 chidazilalitsa mwambowu. Mu 1793 nsalu ija idadulidwa m'zidutswa, ndipo zina zokha ndizo zidabwezedwa pambuyo pake. Amene adautsanso chidwi cha anthu pa njira ya ku Chartres ndi mlakatuli Charles Péguy. Mu Juni 1912 iye adayenda wapansi kupita kumeneko chifukwa cha mwana wake amene adadwala kwakayakaya, ndipo adabwerezanso chaka chotsatira. Péguy adafera kunkhondo mu Seputembala 1914, koma zolemba zake zidasiya mbewu. Kuyambira 1935 ophunzira a m'mayunivesite a ku Paris adayamba kuyenda njira yomweyo m'magulu.

Ulendo wa masiku ano udayamba mu 1983, poyambitsidwa ndi Akatolika okonda Misa yakale a m'bungwe la Centre Henri et André Charlier, amene adatengera chitsanzo ku ulendo wa anthu a ku Poland wopita ku Częstochowa. Patangotha zaka zisanu gululo lidagawanika. Pa 30 Juni 1988 Arkiepiskopi Marcel Lefebvre adadzoza maepiskopi anayi ku Écône m'dziko la Switzerland popanda chilolezo cha Papa. Amene adasankha kukhalabe mu umodzi wathunthu ndi Roma adapitiriza kuyenda kuchokera ku Paris kupita ku Chartres. Otsatira a Lefebvre adayamba ulendo wawowawo m'masiku omwewo, koma mobwerera, kuchokera ku Chartres kupita ku Paris, ndipo umachitikabe.

Loweruka: kutuluka mu Paris

Kusanayere bwino, bwalo la patsogolo pa tchalitchi chonyamukira limakhala litadzaza kale. Zikwama zikuluzikulu za matenti ndi zofunda amaziponya m'malole otsogola kumalo ogona. Munthu amatsala ndi kachikwama kakumsana muli kamba wa tsikulo, botolo la madzi, chovala cha mvula, kolona ndi kabuku ka mapemphero. Kale Misa yotsegulira inkachitikira ku Notre-Dame de Paris, koma moto utawononga denga lake pa 15 Epulo 2019 idasamukira ku Saint-Sulpice, tchalitchi china chachikulu cha mumzindawo. Louis-Marie Grignion de Montfort adaphunzira za unsembe m'seminale ya pomwepo, mu 1699 adatumidwa kukaimira seminaleyo pa ulendo wa ku Chartres, ndipo mu 1700 adathira nsembe yake yoyamba ya Misa m'tchalitchi chimenechi. Ansembe a chipani chake ndiwo adatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901. Iwo pamodzi ndi a White Fathers amene adakhazikika ku Mua mu 1902 ankathira Misa ya Chilatini ya mtundu womwewu.

Wobwera koyamba amaona kusiyana Misa ikangoyamba. Wansembe ndi mpingo wonse amayang'ana mbali imodzi, ku guwa ndi ku mtanda. Asanakwere pa guwa, wansembe amaima pansi pa makwerero n'kunena salimo molandizana ndi omuthandiza, kenako amawerama kuvomera kuti ndi wochimwa, iwonso n'kuvomera zawo. Buku la Misa limayamba lili kudzanja lamanja la guwa, ndipo nthawi ya Mthenga Wabwino limasamutsidwira kumanzere. Pemphero lalikulu la Ukaristia wansembe amalinena chapansipansi, anthu zikwizikwi atagwada duu. Chowauza pamene mwambo wafika ndi kabelu ka wotumikira. Pokweza Hostia ndi chikho, womuthandiza amagwira nsonga ya chovala cha wansembe n'kuitukula pang'ono. Kuyambira pamenepo wansembe salekanitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala mpaka atazitsuka, kuopa kugwetsa kanyenyeswa. Olandira amagwada n'kulandira pa lilime, kambale kali pansi pa chibwano. Mdalitso ukaperekedwa Misa siinathe: wansembe amapita kumanzere kwa guwa kukawerenga chiyambi cha Mthenga Wabwino wa Yohane.

Misa ya Lowerukali ndi yokonzekera Pentekoste. Zovala zimakhala zofiira kale, ndipo mawerengo amasimba za Paulo atafika ku Efeso n'kupeza ophunzira amene sadamvepo za Mzimu Woyera, nawasanjika manja.

Potuluka mu Paris anthu sayenda chipwirikiti. Amagawidwa m'magulu a anthu makumi angapo, lililonse lili ndi mtanda wamtengo kutsogolo ndi mbendera ya woyera amene ali nkhoswe yake. Gulu lotere lili ngati mphakati umene wanyamuka wonse n'kulowa mumsewu: anthu ake ambiri amadziwana, mtsogoleri ndi mkhristu wamba, ndipo wansembe kapena msisitere amangoyenda nawo ngati wowathandiza. Mtsogoleri amanyamula kachimkuzamawu. Amayambitsa kolona, imene kawirikawiri imaimbidwa kuti igwirizane ndi mapazi, kenako amawerenga phunziro lalifupi la mutu wa chaka chimenecho, n'kusiya anthu ayende chete akusinkhasinkha. Pambuyo pake pamabwera nyimbo, zina za tchalitchi, zina za paulendo chabe. Pakati pa gulu ndi gulu amasiya mpata, ndipo mzere wonse umatalika kotero kuti umatenga maola kuti udutse pamalo amodzi.

Tsiku loyambali ndilo lowawitsa, chifukwa mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 40. Njira imalowera kumwera, imadutsa m'madera a kunja kwa mzinda, m'nkhalango ya Verrières, n'kutsikira m'chigwa cha Chevreuse, mpaka kukafika pa dambo la kufupi ndi mudzi wa Choisel dzuwa litapendeka. Kumeneko anthu odzipereka amakhala atakhoma kale matenti akuluakulu, atakoka madzi ndi kuwiritsa supu m'miphika ikuluikulu. Chakudya cha madzulo ndi supuyo, buledi ndi chilichonse chimene munthu wadzinyamulira. Pa tenti ya achipatala a bungwe la Ordre de Malte pamakhala mzere wa anthu opanda nsapato, akudikira kuti awaboole matuza ndi kuwamanga mabandeji.

Lamulungu: Misa ya kudambo

Chimkuzamawu chimadzutsa msasa kukadali mdima. Anthu amapasula matenti mame ali mbuu, amamwa khofi kapena chokoleti chotentha ndi buledi ali chiimire, n'kuyambanso. M'mawa wonse njira imadutsa m'nkhalango ya Rambouillet, pansi pa mitengo ikuluikulu, m'tinjira tamchenga tomwe mvula ikagwa timasanduka matope.

M'nkhalangomu ndi m'mene sakramenti la kulapa limaonekera kwambiri. Wansembe amakoloweka kansalu kapepo m'khosi pamwamba pa mkanjo wake n'kutsalira pang'ono kumbuyo kwa gulu. Wofuna kulapa amatuluka mumzere n'kukayenda naye phewa ndi phewa, akuyankhula motsitsa, ena onse atasiya mpata woti asamve. Akamaliza amapatukira m'mbali mwa njira, wolapayo amagwada pa udzu kulandira chikhululukiro, kenako amathamanga kukapeza anzake. Ansembe a pa ulendowu ambiri ndi a m'zipani zosunga Misa yakale, monga Fraternité Saint-Pierre imene idakhazikitsidwa mu 1988 ndi Institut du Christ Roi imene idavomerezedwa koyamba ku Gabon mu 1990, koma pamakhalanso ansembe a m'madayosizi ndi amonke.

Cha m'masana magulu onse amasonkhana pa dambo lalikulu m'mphepete mwa nkhalangoyo. Guwa limakhala pamalo okwera, pansi pa tenti yoyera, ndipo mbendera mazanamazana zimaikidwa mondandalika m'mbali. Iyi ndi Misa yaikulu, ya wansembe, dikoni ndi wothandiza dikoni, ya lubani ndi makandulo. Kwaya imaimba nyimbo za Chigregori, zoimbidwa ndi mawu amodzi popanda ng'oma, ndipo anthu amayankha mbali zimene amazidziwa pamtima. Mawerengo amaimbidwa m'Chilatini kenako n'kuwerengedwanso m'Chifalansa. Loyamba ndi la m'mutu wachiwiri wa Ntchito za Atumwi, losimba za mkokomo wa mphepo, malilime a moto, ndi anthu a mitundu yosiyanasiyana amene aliyense adamva atumwi m'chiyankhulo cha kwawo. Pa ndime yachiwiri ya Aleluya, imene ndi yoitana Mzimu Woyera, dambo lonse limagwada. Kenako imatsatira nyimbo yakale ya Veni Sancte Spiritus, imene m'buku la 1962 imabwerezedwa pa Misa ya tsiku lililonse mpaka Loweruka. Mthenga Wabwino umachokera m'mutu 14 wa Yohane, pamene Yesu akulonjeza ophunzira ake Mzimu wodzawaphunzitsa ndi kuwakumbutsa zonse.

Buku lakale lili ndi mawerengo a chaka chimodzi chokha, osati a zaka zitatu zosinthanasinthana monga m'buku latsopano. Choncho amene amayenda ulendowu kawirikawiri amamva ndime zomwezo chaka chilichonse, tsiku lomwelo, pamalo pafupifupi omwewo. Okonda mwambowu amati kubwerezaku n'kumene kumakhomereza mawu mumtima. Ena amati buku latsopano lidachita bwino kutsegulira anthu mbali zambiri za Baibulo.

Akadya kamba wawo amayendanso mpaka madzulo, nkhalango ikutha pang'onopang'ono, minda ikuyamba. Usiku wachiwiri amagona pafupi ndi mudzi wa Gas. Kumeneko amakumana ndi magulu a mabanja ndi a ana, omwe amayenda mtunda wocheperapo, mbali ina akunyamulidwa pa basi. Palinso ena amene sayenda n'komwe chifukwa cha matenda, ukalamba kapena kutalika kwa kwawo; iwo amalembetsa kuti azipemphera nawo ali kunyumba m'masiku atatuwa. Kukada, Ukaristia umaikidwa pa guwa la panja ndipo anthu amasinthana kupembedza usiku wonse. Madzulo omwewo amene adakonzekera amadzipereka kwa Yesu kudzera mwa Amayi Maria, ambiri motsata njira imene adaphunzitsa Montfort, ya masiku 33 okonzekera.

Lolemba: minda ya Beauce ndi nsanja ziwiri

Kuchokera ku Gas njira imalowa m'dera la Beauce, chidikha chachikulu chodziwika ndi ulimi wa tirigu. Mitengo ndi yochepa, mthunzi ndi wosowa, ndipo minda imafika mpaka kumene maso alekezera. Pentekoste ya Ayuda, imene atumwi adali kukondwerera ku Yerusalemu, idali chikondwerero cha kukolola tirigu. Ku Beauce zokolola zimadikira mpaka Julayi, motero amwendamnjira amadutsa pakati pa ngala zosakhwima. Tchalitchi cha Chartres chidamangidwa pa chitunda pamwamba pa mtsinje wa Eure, ndipo nsanja zake zimaonekera patali makilomita oposa khumi mzinda weniweniwo usanaoneke. Magulu ambiri akangoziona amagwada pomwepo n'kuimba nyimbo ya Amayi Maria. Chidikhacho chimanyenga maso: munthu amayenda ola lathunthu nsanja zija zili pomwepo, nthawi zina kubisika kuseri kwa kachitunda n'kutulukiranso.

Nsanjazo n'zosafanana. Ya kumwera, yosalala ndi yosongoka, idamangidwa m'zaka za m'ma 1100 ndipo ndi yaitali mamita 105. Ya kumpoto, yozokotedwa mwaluso, idamalizidwa ndi mmisiri Jehan de Beauce mu 1513 ndipo imaposa inzakeyo ndi mamita angapo. Chigawo chomaliza cha njira ndi chokwera, chodzera m'timisewu tamiyala, mabelu akulira. Anthu onse sangakwane m'kati, choncho ambiri amatsata Misa ali pabwalo ndi m'misewu yoyandikana, pa makanema akuluakulu. Mbendera zonse zimalowa mumdipiti kutsogolo kwa ansembe. Episkopi wa Chartres ndiye amalandira alendowa, ndipo wotsogolera Misa nthawi zambiri amakhala episkopi, mkulu wa amonke kapena kadinala: mu 2018 adali Kadinala Robert Sarah wa ku Guinea, mu 2024 Kadinala Gerhard Müller wa ku Germany. Mawerengo a Lolembali amanena za Petro akulalika m'nyumba ya Korneliyo, Mzimu Woyera n'kutsikira anthu osakhala Ayuda, ndipo Mthenga Wabwino ndi wa m'mutu 3 wa Yohane, wonena za chikondi cha Mulungu pa dziko.

Tchalitchi chenichenicho chimaphunzitsa chaka cha Mpingo kwa amene ali ndi nthawi yochiyang'ana. Khomo la kumadzulo, limene lidapulumuka moto wa 1194, lili ndi zitseko zitatu. Pamwamba pa cha kumanja adasemapo mngelo akulonjera Maria, kubadwa kwa Yesu ndi kuperekedwa kwake m'Nyumba ya Mulungu. Pamwamba pa cha kumanzere pali chithunzi chimene ambiri amati ndi cha kukwera kumwamba, chozunguliridwa ndi ntchito za miyezi ya pachaka: kudulira mpesa, kumweta tirigu, kupha nkhumba nyengo yozizira. Pakati pali Khristu ali pampando waulemerero. M'kati muli mawindo oposa 170 a magalasi amitundumitundu, ochuluka mwa iwo a m'zaka za m'ma 1200, odziwika ndi mtundu wake wa buluu. M'munsi mwa mawindo ena muli zithunzi za ophika buledi, akalipentala, osoka nsapato ndi otunga madzi ali pantchito zawo. Mu 1939 magalasiwa adachotsedwa n'kubisidwa kuopa mabomba, ndipo adabwezeretsedwa nkhondo itatha. Khoma lozungulira malo a guwa lili ndi ziboliboli zosimba moyo wa Maria ndi wa Yesu motsatana, kotero woyenda molizungulira amadutsa zikondwerero za pachaka chimodzichimodzi. Pansi, pakati pa tchalitchi, pali njira yokhotakhota yamiyala yotalika mamita pafupifupi 260 yopindidwa m'bwalo la mamita 13. Chidutswa cha nsalu ya Maria chimasungidwa m'bokosi lagalasi m'kachipinda kena kopemphereramo. Mu 1979 bungwe la UNESCO lidaika tchalitchichi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Mkangano wa buku la Misa

Ulendowu ukukula pa nthawi imene Misa yake ili pa mkangano. Buku lake lidachokera kwa Papa Pius V, amene mu 1570, utatha Msonkhano wa ku Trent, adakhazikitsa mwambo wa ku Roma m'maiko ambiri a Mpingo wa Chilatini. Apapa otsatira ankalikonza apa ndi apo mpaka kufika pa la Papa John XXIII la 1962. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udalamula mu 1963 kuti chipembedzo chikonzedwenso, anthu azitengapo mbali mokwanira, ndi kuti ziyankhulo zawo zipatsidwe malo. Buku latsopano la Papa Paul VI lidayamba kugwira ntchito pa Adventi wa 1969, ndipo ndilo limatsatidwa m'maparishi pafupifupi onse a dziko lapansi. Papa John Paul II adalola buku lakale mwa apo ndi apo mu 1984 ndi mu 1988. Papa Benedict XVI, m'chikalata cha Summorum Pontificum cha 2007, adapatsa wansembe aliyense ufulu woligwiritsa ntchito. Papa Francis adabweza ufuluwo mu 2021 ndi chikalata cha Traditionis custodes, n'kuika chilolezo m'manja mwa episkopi wa dayosizi. Chifukwa chimene adapereka n'chakuti ena adasandutsa Misa yakale chida chokanira Msonkhano wa Vatican ndi chogawira Mpingo.

Okonza ulendowu amati iwo ndi omvera Papa ndi maepiskopi, ndipo amasunga buku lakale chifukwa chete wake, kugwada kwake ndi kusasinthasintha kwake n'zimene zikukopa achinyamata, kuphatikizapo ena amene sadakulire m'tchalitchi. Odzudzula amati n'kosayenera kuti wansembe wothira Misa ya buku latsopano asapeze malo ofanana pa ulendo wa Katolika, ndipo amakumbutsa kuti ena mwa oyambitsa ake, monga Bernard Antony, adali m'ndale za chipani cha Front National. Chiwerengero chokha n'chimene palibe akutsutsa: mu 2023 okonza adatseka kalembera tsiku lisanafike chifukwa malo ogona adadzaza.

Ulendo ukatha

Misa ya Lolemba ikatha, anthu amakatenga zikwama zawo pamene malole azitsitsa, n'kutsikira ku siteshoni. Sitima imawabweza ku Paris m'nthawi yongopitirira ola limodzi. Kwa osunga kalendala yakale, sabata la Pentekoste limapitirira. Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka lake ndi ena mwa masiku a mapemphero ndi kusala amene amabwera kanayi pachaka, kamodzi pa nyengo iliyonse, othokozera zokolola ndi kupempherera odzozedwa unsembe. Enawo amagwa mu Adventi, m'sabata loyamba la Lenti ndi mu Seputembala. Nyengo ya Pasaka imatsekedwa Loweruka limenelo. Lamulungu lotsatira ndi la Utatu Woyera, ndipo Lachinayi lake ndi chikondwerero cha Thupi la Ambuye, cha mdipiti wa Ukaristia m'misewu.

Kuchokera apo zovala zimakhala zobiriwira, ndipo masiku a Lamulungu amawerengedwa kuyambira pa Pentekoste: lachiwiri, lachitatu, mpaka kufika pakati pa 23 ndi 28 malinga ndi pamene Pasaka idagwera chaka chimenecho. Imeneyi ndi pafupifupi theka la chaka. M'kati mwake muli zikondwerero za masiku okhazikika, monga Petro ndi Paulo pa 29 Juni ndi Kutengedwa Kumwamba kwa Maria pa 15 Ogasiti, tsiku lalikulu ku Chartres. Khristu Mfumu m'buku la 1962 amakondwereredwa Lamulungu lomaliza la Okutobala, monga adakhazikitsira Papa Pius XI mu 1925, osati kumapeto kwa Novembala. Pa 1 Novembala ndi Oyera Onse, pa 2 Novembala ansembe amavala zakuda popempherera akufa. Lamulungu lomaliza la chaka limawerenga mutu 24 wa Mateyo wonena za kutha kwa dziko, ndipo sabata lotsatira Adventi imayambanso.